Noun, verb, tense, clause: mawu a galamala ya chizunguwa amatanthauza chani kwenikweni?

Mayeso akamayandikira mafunso omwewomwewo amayambanso kuzungulira m'magulu a pa WhatsApp, wina wajambula pepala lakale la MSCE akufunsa kuti kodi akati "state the function of the underlined clause" akufuna ndipange chani, kwina mwana wa sitandade 6 wabwera ndi homuweki yoti apeze ma adverb ndiye bambo ake omwe amaswa chizungu tsiku lonse ku ofesi angoti kakasi. Ndipo si nkhani yamasewera iyi chifukwa ku MANEB ukalakwa Chingerezi satifiketi ya MSCE suyiona olo masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Palinso anamwino omwe akukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito ku Britain, nawonso akatsegula mabuku amakumana ndi mawu omwewa, gerund, modal, present perfect.

Chomwe chimavuta anthu ambiri si chizungucho ayi, ndi chizungu chofotokozera chizungu. Munthu amatha kulankhula chiganizo cholondola bwinobwino koma mukamufunsa kuti subject ndi iti apa mutu wayima. Nde tiyeni tiwamasule mawuwa mmodzimmodzi pogwiritsa ntchito Chichewa chathuchi, chifukwa zambiri zomwe mawuwa amanena timazichita kale tikamalankhula, kungoti sitizitchula mayina.

Galamala ndi chani, nanga mayinawa anachokera kuti

Galamala ndi dongosolo lomwe chiyankhulo chimatsata posanja ndi posintha mawu kuti tanthauzo lituluke, kusukulu pa phunziro la Chichewa timati malamulo a chiyankhulo. Mwana wazaka 4 amene amati "mbuzi zanga zathawa" osati "mbuzi changa wathawa" galamala akuyidziwa kale ngakhale sanapondeko m'kalasi. Zomwe timaphunzira kusukulu ndi mayina a zidutswa za dongosololo.

Mayinawa sanapangidwire Chingerezi poyamba ndipo apa ndi pomwe pamachokera chisokonezo china. Kugawa mawu m'magulu 8 kunayamba ndi Agiriki, m'kabuku komwe amati analemba Dionysius Thrax zaka pafupifupi 100 Yesu asanabadwe. Aroma anatengera nkukonza kuti zigwirizane ndi Chilatini, ndipo Angerezi atayamba kulemba galamala ya chiyankhulo chawo, woyamba anali William Bullokar mu 1586, anangotenga chikombole cha Chilatinicho nkuthiramo Chingerezi. Chilatini chilibe timawu ngati "a" ndi "the", nchifukwa chake mpaka lero pa mndandanda wa 8 uja timawuti tilibe malo ake enieni, mabuku ena amatiponya kwa ma adjective pomwe mabuku atsopano anatipangira gulu lake lotchedwa determiner. Nde mukaona buku lina likuti magulu alipo 8 lina likuti 9 musati wina wanama.

Parts of speech: dzina la ntchito osati la mawu

Parts of speech ndi zomwe m'Chichewa timati mitundu ya mawu. Noun ndi dzina, verb ndi mneni, pronoun ndi mlowam'malo, adjective ndi mfotokozi, adverb ndi muonjezi, preposition ndi mperekezi, conjunction ndi mlumikizi, interjection ndi mfuwu. Amene anamvetsera kalasi ya Chichewa ali kale patsogolo apa. Ife tilinso ndi mvekero, zija za "anagwa kuti khu" kapena "kunja kuli zii", gulu lomwe pa mndandanda wa azungu mulibe.

Koma chachikulu choti mugwire ndi ichi, mayinawa amatchula ntchito yomwe mawu akugwira m'chiganizo chomwe muli nacho kutsogolo kwanucho. Zili ngati pa bwalo la mpira, goloboyi si mtundu wa munthu, ndi malo omwe kochi wamuika tsiku limenelo, mnyamata yemweyo mawa akhoza kusewera kutsogolo nkumamwetsa zigoli. Tengani mawu oti "water". Mu "The water is dirty" ndi noun. Mu "I water the tomatoes every evening" ndi verb, kuthirira. Mawu oti "book" ndi buku komanso ndi kusungitsa malo m'basi. "Fast" ndi adjective mu "a fast car", ndi adverb mu "he drives fast", ndi verb mu "we fast during Lent", kusala kudya. Chingerezi chimachita zimenezi kwambiri chifukwa mawu ake ambiri sasintha maonekedwe akasintha ntchito, pomwe ife "kulima", "mlimi" ndi "ulimi" ukangowaona wadziwa kale kuti uyu ndi ndani.

Nchifukwa chake matanthauzo aja tinaloweza ku pulaimale amakafika pena nkutha mphamvu. "A verb is a doing word", chabwino, nanga "is", "seem", "own", "know" akuchita chani? Palibe, koma ndi ma verb. "A noun is the name of a person, place or thing", nanga "arrival" kapena "poverty"? Njira yodalirika ndi kuyesa. Ngati mawu akulola kuti muwasinthe nthawi, lero "know" dzulo "knew", ndi verb. Ngati akulola "the" kapena "my" patsogolo pake nkuima ngati mutu wa nkhani, ndi noun.

Za adjective ndi adverb sindichedwapo. Adjective imafotokoza noun, adverb imaonjezera pa verb, pa adjective kapena pa adverb inzake. Lamulo lija loti adverb imathera ndi "ly" ndi theka chabe la choonadi, "friendly" ndi "lovely" ndi ma adjective, ndipo "hardly" si m'bale wake wa "hard" mmene mukuganizira, mukalemba mu kalata yofunsira ntchito kuti "I work hardly" mwawauza abwanawo kuti ntchito simugwira kwenikweni. Comparative ndi poyerekeza ziwiri, "taller" kapena "more expensive", superlative ndi choposa zonse, "tallest". Sankhani njira imodzi basi, "more taller" ndi kubwereza.

Subject ndi object

Awa si mitundu ya mawu koma maudindo m'chiganizo. Subject ndi mwininkhani, object ndi pamtherankhani. Noun yomweyo ikhoza kukhala subject pano nkukhala object m'chiganizo chotsatira.

Apa Chichewa ndi Chingerezi zimasiyana kwambiri ndipo ndikuona kuti ndi pofunika kuchedwapo. Taonani mawu amodzi awa, "tidzakuphikirani". M'chizungu ndi mawu 5, "We will cook for you". Mu mawu athu amodziwo "ti" ndi subject, "dza" akuonetsa nthawi yam'tsogolo, "ku" ndi "ni" ndi inuyo amene mukuphikiridwa, "phik" ndiye verb yeniyeniyo, ndipo ka "ir" kakugwira ntchito ya preposition "for". Ndekuti zinthu zomwe mzungu amazimwaza m'mawu osiyanasiyana ife timazisokera pamodzi mu mneni. Ichi nchifukwa chake galamala ya chizungu imaoneka ngati ili ndi tizidutswa tambirimbiri, tizidutswato tiliponso kwathu koma tinamatirirana.

Chifukwa choti mneni wathu amanyamula zizindikiro zonsezi, tili ndi ufulu wosuntha mawu. "Mbuzi zadya chimanga" ndi "Chimanga mbuzi zachidya" wadya mnzake ndi yemweyo, "za" akuloza mbuzi "chi" akuloza chimanga. Chingerezi ufulu umenewu chilibe, chimadalira malo. "The goats have eaten the maize", mukasinthanitsa ma noun awiriwo ndiye kuti chimanga chadya mbuzi. Subject kutsogolo, verb pakati, object pambuyo.

Ndipo chizungu chimakakamira kuti pampando wa subject pasakhale popanda munthu, olo palibe woti akhalepo. Nchifukwa chake amati "It is hot", "It is raining", "There is a problem". "It" ameneyu sakuimira chinthu chilichonse, akatswiri amamutcha dummy subject. Ife tili ndi kofanana nako, ka "ku" ka mu "kukutentha", "kwacha", "kwada".

Ma object alipo awiri. Mu "Grandmother gave the child a banana", chomwe chaperekedwa, nthochi, ndi direct object, wolandira, mwana, ndi indirect object. Verb yomwe imafuna object imatchedwa transitive, mneni woyambukira, yomwe siyifuna ndi intransitive, mneni wosayambukira, monga "sleep" kapena "arrive". Mukatsegula dikishonale nkuona ka T kapena ka I pambali pa verb, akunena zimenezi, ndipo ndi kothandiza kwambiri. "Discuss" ndi transitive, imagwira object yake mwachindunji, "we discussed the budget", nde ka "about" kamene timakonda kuikapo kaja nkosafunika, kamabwera chifukwa m'mutu tikuti "tinakambirana za bajeti". "Listen" ndi intransitive, payokha singagwire kanthu mpaka mutaipatsa "to".

Msampha wina womwe a mayeso amaukonda, mu "My sister is a nurse", kodi "a nurse" ndi object? Ayi. Palibe chomwe chachitidwa kwa namwino, namwinoyo ndi mchemwali yemweyo. Ameneyu amatchedwa complement, mawu omalizitsa kufotokoza subject, amabwera pambuyo pa ma verb ngati "be", "become", "seem".

Tense si nthawi ya pa wotchi

Tense ndi maonekedwe a verb omwe amaloza nthawi, m'Chichewa timati nthawi za aneni. Anthu amakangana kuti Chingerezi chili ndi ma tense angati, mabuku akusukulu ambiri amati 12, akatswiri a ziyankhulo ambiri amati 2 basi, present ndi past. Onse ali ndi mfundo. A 2 aja akuwerenga mmene verb imasinthira payokha, "walk" ndi "walked", palibe kachidutswa komwe mungamate pa "walk" kuti ikhale yamawa, mumachita kubwereka "will". A 12 aja akuphatikiza tense ndi chinthu china chotchedwa aspect.

Aspect ikunena za mmene ntchitoyo ikuyendera, kodi ndi yachizolowezi, ili mkati, kapena yatha koma zotsatira zake zikadalipo. Chichewa chimaonetsa zimenezi mosavuta. "Ndimadya" ndi simple present, "I eat". "Ndikudya" ndi present continuous, "I am eating". "Ndadya" ndi present perfect, "I have eaten". "Ndinadya" ndi simple past, "I ate". "Ndinkadya" ndi "I was eating" kapena "I used to eat" kutengera nkhani. "Ndinali nditadya" ndi past perfect, "I had eaten". "Ndidzadya" ndi "I will eat". Mukatenga nthawi 3, yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo, nkuchulukitsa ndi simple, continuous, perfect ndi perfect continuous, 12 uja ndi ameneyo.

Dzina la tense lisakupusitseni kuti ndi nthawi yeniyeni. "The bus leaves at six tomorrow" ili mu present tense koma ikunena zamawa. "If I had money I would buy a plot" ili ndi "had" yemwe ndi past koma munthuyo akudandaula za lero, ndalama alibe panopa.

Pomwe ambirife timagwa ndi pa present perfect chifukwa imafanana ndi yathu koma osati ndendende. Ife timati "ndafika 7 koloko" ndipo palibe cholakwika. Mzungu salola kuphatikiza "have" ndi nthawi yodutsa yomwe yatchulidwa, "I have arrived at seven" kapena "I have seen him yesterday" sizimveka kwa iye, ukangotchula nthawi uyenera kubwerera ku simple past, "I arrived at seven". Komanso "ndatopa" wathu si "I have tired" ayi, ndi "I am tired", malo ambiri omwe ife timaika "nda" ponena mmene tilili iwo amagwiritsa ntchito adjective.

Palinso ma stative verb, aneni onena mmene zinthu zilili osati zochitika, "know", "own", "understand", "believe". Awa kawirikawiri sakonda continuous. "Ndikudziwa" timafuna kumumasulira kuti "I am knowing" chifukwa cha ka "ku" kaja, koma ndi "I know". "I am having a car" mudzaimva paliponse kuno ngakhale ku India, koma wochonga mayeso akufuna "I have a car". "I am having lunch" ndiye ilibe vuto chifukwa "have" apo akutanthauza kudya.

Regular verb ndi yomwe past yake imangolandira "ed". Irregular ndi zamakani zija, "go, went, gone", zilipo pafupifupi 200 ndipo tsoka lake ndi zomwe zimagwiritsidwa ntchito kwambiri, palibe chidule koma kuloweza basi.

Auxiliary, modal, participle, gerund, infinitive

Mayina oopsa koma nkhani yake ndi yaifupi. Auxiliary ndi mneni wothandizira, "be", "have", "do", amene amaima kutsogolo kwa verb yaikulu nkunyamula tense, kukana ndi kufunsa. Chofunika kukumbukira nchoti tense imanyamulidwa kamodzi. Mu "Did you go?" zakale zili kale mu "did", nde "Did you went?" ndi kusenzetsa katundu mmodzi anthu awiri. Modal ndi gulu lapadera la othandizirawa, "can, could, may, might, must, shall, should, will, would", amanena za kuthekera, chilolezo ndi kukakamizidwa, zomwe ife timanena ndi "nga" wa mu "ndingapite" kapena "ndiyenera". Salandira "s" ndipo verb yotsatira imabwera yosavala kanthu, "she can drive" osati "she cans drive" kapena "she can drives".

Participle zilipo ziwiri, ya "ing" monga "eating" ndi ija yachitatu pa mndandanda wa "eat, ate, eaten", yomwe amati past participle. Pazokha sizinganyamule chiganizo, zimafuna auxiliary, kapena zimakagwira ganyu ngati adjective, "boiling water", "a broken chair". Apa ndi pomwe pamachokera kusiyana kwa "I am bored", ndaboweka, ndi "I am boring", ndine munthu wobowa.

Infinitive ndi verb yomwe sinapatsidwe mwini kapena nthawi, "to swim", kusambira. Gerund ndi verb ya "ing" yomwe ikugwira ntchito ya noun, "Swimming is good for you". Kwa ife ziwirizi ndi chinthu chimodzi, "ndikufuna kusambira" ndi "kusambira ndi kwabwino", "ku" yemweyo, nchifukwa chake kusankha pakati pa "to swim" ndi "swimming" kumativuta. Ma verb ena amafuna ichi ena icho, "want to go" koma "enjoy going", "avoid going". Ndipo verb ikabwera pambuyo pa preposition imakhala gerund. Mzere uja timatsekera nawo makalata, "I look forward to hearing from you", uli ndi "hearing" chifukwa "to" ameneyo ndi preposition osati wa infinitive.

Agreement, ma article ndi zinthu zosawerengeka

Agreement, mabuku ena amati concord, ndi kugwirizana kwa subject ndi verb yake. Kunena zoona apa Amalawi sitiyenera kuopa chifukwa chiyankhulo chathu ndi chodzadza ndi agwirizanitsi, "chimanga changa chonse chapsa", "ana anga onse apita", mawu aliwonse akuvomera dzina. Chingerezi pa ma verb ambiri chinangotsala ndi kachidutswa kamodzi, "s", koma kamazunguza chifukwa kamagwira mosemphana, pa noun kakutanthauza zambiri, pa verb kakutanthauza chimodzi. "The boy plays", "the boys play". A mayeso amakonda kubisa subject yeniyeni patali ndi verb, "One of my friends is sick", mwininkhani ndi "one" osati "friends". Pa mayina a magulu omwe amati collective noun, monga "team" kapena "government", ku Britain amalola "the team are playing well" pomwe ku America amakonda "the team is".

Countable noun ndi zomwe mungawerenge, uncountable ndi zomwe chizungu chimaziona ngati mulu umodzi. Vuto ndi loti zomwe iwo amati mulu ife timaziwerenga, malangizo, mipando, zipangizo, akatundu, nde timapezeka talemba "advices", "furnitures", "equipments", "luggages". Onsewa salandira "s", ukafuna chimodzi umati "a piece of advice". "News" ili ndi "s" kale koma ndi imodzi, "the news is bad".

Article ndi timawu titatu, "a", "an" ndi "the". Timati Chichewa chilibe ma article ndipo nzoona, koma ganizo lake tili nalo. "Kwabwera munthu wina" ndi "munthu uja wabwera", woyambayo womvera sakumudziwa, ndiye indefinite article, "a man", wachiwiriyo tonse tikumudziwa, ndiye definite article, "the man". Mukakayika dzifunseni ngati mungaikepo "uja", "ija" kapena "yo" m'Chichewa, ngati zikukwana mwina pakufunika "the". Kusankha "a" kapena "an" kumatsata kamvekedwe osati chilembo, "an hour" chifukwa h samveka, "a university" chifukwa ikuyamba ngati "yu", "an MP" chifukwa timati "em".

Pronoun ndi preposition

Pronoun yathu "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi, nchifukwa chake olo munthu wophunzira bwino akathamanga amatha kunena "my mother, he is coming". Si umbuli, ndi ubongo ukuyenda pa njanji ya Chichewa. Mbali inayi chizungu ndi chomwe chimaperewera, "you" ndi iwe komanso inu, mwana ndi agogo chimodzimodzi. Kale chinali nazo ziwiri, "thou" wa munthu mmodzi womuzolowera ndi "you" wa anthu ambiri kapena waulemu, ndendende iwe ndi inu, koma "thou" anazilala m'zaka za m'ma 1600 nkutsalira m'Baibulo lakale ndi m'mapemphero. Noun yomwe pronoun ikuimira imatchedwa antecedent. Relative pronoun ndi "who, which, that, whose", anzake a "amene", "chomwe", "zimene", sungani amenewa tiwafuna posachedwa.

Ma preposition ndiye mutu waching'alang'ala. Ife ndi pa, ku ndi mu timafika kulikonse, "ndili ku Zomba", "ndikupita ku Zomba", "ndikuchokera ku Zomba", verb ndi yomwe ikunena komwe tikulowera. Chizungu chikufuna "in", "to" ndi "from". Pa nthawi pali kadongosolo, "at" pa ola, "on" pa tsiku, "in" pa mwezi ndi chaka, koma zambiri zilibe chifukwa chomveka, "good at", "interested in", "depend on", umangophunzira mawuwo limodzi ndi mperekezi wake. Phrasal verb ndi verb yomwe yakwatirana ndi kamawu kotere nkubereka tanthauzo latsopano, "put off" kuimitsa kaye, "put up with" kupirira, "give up" kugonja.

Phrase, clause ndi sentence

Tafika pa funso lija limazunguza a fomu 4. Phrase ndi kagulu ka mawu kopanda verb yokhala ndi mwini ndi nthawi, dzina lathu limanena lokha, kapandamneni, monga "in the morning" kapena "the tall man". Clause ndi kagulu komwe kali ndi subject ndi verb yake, nthambi ya chiganizo. Verb yonyamula tense ija imatchedwa finite verb ndipo njira yachangu yodziwira kuti ma clause alipo angati ndi kuwerenga ma finite verb.

Main clause ndi nthambi yoima payokha, subordinate clause ndi yosaima payokha. "Because the bridge was washed away", mukangonena izi nkusiya womvera adikira, chabwino mlatho wakokoloka ndiye zatani? Akamafunsa type ndi function ya subordinate clause akungofuna mudziwe kuti gulu lonselo likugwira ntchito ya mawu amtundu wanji. Ngati likufotokoza noun ndi adjective clause, ena amati relative clause, "The woman who sells tomatoes is my aunt", function yake ndi kufotokoza noun "woman". Ngati likuyankha kuti liti, kuti, bwanji, chifukwa chani, ndi adverb clause, "We left when the rain stopped", likuonjezera pa verb "left". Ngati mungalichotse nkuikapo "it" kapena "something" chiganizo nkukhalabe chamoyo, ndi noun clause, "I know that he lied", ndipo function yake ndi object ya verb "know". Osangothamangira mawu oyamba, "where" akhoza kuyambitsa mitundu yonse itatu, "I know where he lives" ndi noun clause, "the house where he lives" ndi adjective clause, "sit where I can see you" ndi adverb clause.

Simple sentence ili ndi clause imodzi, compound ili ndi ma main clause awiri kapena kuposa olumikizidwa ndi "and, but, or", complex ili ndi main clause ndi subordinate clause. Kutalika sikuwerengedwa, chiganizo cha mizere itatu chikhoza kukhala simple.

Active, passive ndi ma question tag

Voice pa galamala si mawu apakhosi. Active voice ndi pomwe wochita ali pampando wa subject, "A clerk stole the money". Passive ndi pomwe wochitidwayo wakwera pampandopo, "The money was stolen", ife timangoika "idw" kapena "edw", ndalama zabedwa. Imapangidwa ndi "be" kuphatikiza past participle, ndipo intransitive verb singalowe mu passive, "the accident was happened" sizitheka. Mapulogalamu okonza zolemba ngati Grammarly amakonda kuidula mzere passive nde ena amaganiza kuti ndi yolakwika, ayi ndithu, ndi yothandiza pomwe wochita sakudziwika kapena safunika, koma muzitchera khutu chifukwa ndi yomwenso akuluakulu amabisalamo akamati "mistakes were made" osanena kuti analakwitsa ndani.

Question tag ndi kamchira kofunsa, "eti?" kapena "si choncho?" wathu. Wathu ndi mmodzi pa chiganizo chilichonse nchifukwa chake timaika "isn't it" paliponse, koma chizungu chimafuna mubwereze auxiliary yomweyo nkuitembenuza, "You have eaten, haven't you?", "She can't come, can she?". Ndipo samalani poyankha funso lokana. Munthu akakufunsani "simunadye?" mumati "eya" kuvomereza kuti simunadye. M'chizungu "Haven't you eaten?" yankho la wanjala ndi "No, I haven't", mukati "yes" mwakana nsima.

Malamulo ena ndi okanganirana

Si lamulo lililonse lomwe munamva lili ndi mphamvu yofanana. Pali njira ziwiri zoonera galamala, prescriptive yomwe imalamula mmene anthu ayenera kulankhulira, ndi descriptive yomwe imalemba mmene eni chiyankhulo amalankhulira. Malamulo ambiri olamula anatchuka m'zaka za m'ma 1700 kudzera m'mabuku a Robert Lowth mu 1762 ndi Lindley Murray mu 1795, omwe anagwiritsidwa ntchito kwambiri m'sukulu. Lija loti chiganizo chisathere ndi preposition amalilondola kwa wolemba ndakatulo John Dryden amene anadandaula nazo mu 1672, koma "Where are you from?" aliyense amanena ndipo palibe amadabwa. Loti osaika mawu pakati pa "to" ndi verb, lomwe amati split infinitive, mabuku ambiri amakono analisiya. "They" woimira munthu mmodzi, monga "Someone left their phone", ena amamukanabe pomwe ena amati wakhalapo kwa zaka mazanamazana. A mbali yolamula amati popanda muyezo umodzi kulemba kwa m'maofesi, m'makhoti ndi m'mayeso kungasokonekere, a mbali inayo amati chiyankhulo chimasintha ndipo buku liyenera kutsatira anthu.

Mayina enieniwo nawonso amasiyana malinga ndi komwe buku lachokera. Present continuous ndi present progressive ndi chinthu chimodzi, main clause ena amati independent clause, subordinate amati dependent, reported speech ndi indirect speech, ndipo kadontho kotsekera chiganizo ku Britain ndi full stop pomwe ku America ndi period. Sukulu zathu zimatsata kwambiri chizungu cha ku Britain, nde mwana akamaonera maphunziro a pa YouTube a aphunzitsi a ku America nkumva dzina lachilendo ayambe wafananitsa ndi la m'buku lake la kusukulu, pa mayeso a MANEB alembe dzina lomwe lili mu silabasi.